Mlendo Wodzitungira Madzi

Chaka chimene anatibweretsera mzungu m'mudzi mwathu, ine ndinkaphunzitsa ana a mkombaphala pansi pa mtengo wa mango, ntchito yopanda malipiro koma yopatsa ulemu. Mudzi wathu uli pakati pa Nkaya ndi mtsinje wa Rivirivi, m'boma la Balaka, kumene mvula imagwa ngati ikuchita kukakamizidwa. Alendo a mabungwe tinawazolowera kalekale. Amafika pa galimoto yoyera, tiwapatsa mipando yabwino, atijambula, dzuwa lisanapendeke abwerera kutauni. Koma uyu anatiuza kuti azigona konkuno, azidya zathu, azilima nafe mpaka tidzakolole kawiri. Poti m'mudzimo amene anafika Folomu 4 ndinali ine, ntchito yomasulira inandigwera popanda wondifunsa.

Anali mtsikana wamtali, wowonda, wochokera ku dziko lina lozizira limene amayi anga sanathe kulitchula mpaka kumwalira kwawo. Anabwera ndi chikwama chakumsana, kasola koika padenga ndi njinga yakapalasa. Bungwe lake linamupezera nyumba ya malemu amalume, kuseri kwa nyumba ya amayi, yamalata koma pansi pozira ndi dothi. A bungwe anafuna kuikamo simenti, iye anakana. Anati akufuna kukhala monga momwe timakhalira ife. Ndinamasulira mawuwo monga anawanenera, azimayi n'kuyang'anana. Wina anandifunsa chapansipansi kuti kodi kwawoko analakwa chiyani.

Munthu amene anakondwa kuposa onse anali achemwali anga aakulu. Amuna awo anapita ku Joni mwana wachitatu ali m'mimba. Poyamba ankaimba foni, kenako foni ija inayamba kungolira yosayankhidwa, kenako zii. Kwathu kuno mwamuna ndi wobwera, munda ndi wa mkazi, choncho achemwali anatsala ndi ana atatu komanso munda umene amayi anawagawira, wotsetserekera ku Rivirivi, wa dothi lakuda losunga chinyezi. Pa minda yonse ya banja lathu, wabwino unali umenewo, ndipo sindibisa, ndinkausirira. Vuto la achemwali linali la aliyense wolima yekha. Chakudya chimatha chaka chikamatha, nthawi yomweyo imene munda ukufuna kupalira. Ukapita kukasaka ganyu kutali, udzu udya chimanga chako. Ukakakamira m'munda mwako, ana agona ndi njala. Chaka chilichonse ankapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo tonse tinkadziwa kuti chaka china mundawo udzawapulumuka.

Tsono kubwera kwa mlendo kunatanthauza ganyu ya pakhomo pomwe. Kutunga madzi, kuchapa, kusesa, kutola nkhuni: ntchito ya m'mamawa, yoti dzuwa likamakwera munthu ali kale m'munda mwake. Achemwali sankalota ayi, ndi mmene zimakhalira. Mphunzitsi akabwera kudzayamba ntchito amalemba munthu. Mlangizi wa zaulimi amalemba munthu, namwino chimodzimodzi. Si ulesi wokha. Ndi njira imene malipiro a munthu mmodzi amalowera m'nyumba ya mnzake popanda wina kugwada n'kupempha. Wolandirayo amayenda mutu uli m'mwamba chifukwa watuluka thukuta. Azimayi a m'mudzi anagwirizana popanda kuitana msonkhano kuti ganyu imeneyi ndi ya achemwali, poti nyumbayo inali pakhomo pathu ndipo mavuto awo ankadziwika.

Mlendo atangofika, m'mawa mwake achemwali anavala chitenje chawo cha ku ukwati, natenga tsache ndi ndowa, nandiitana kuti ndikawalankhulire. Tinamupeza mlendo akulimbana ndi moto, utsi uli tolo, maso ali psuu.

"Muwauze kuti ndabwera kudzagwira ntchito za pakhomo pano," anatero achemwali.

Ndinamuuza. Mlendo anamwetulira, nagwira dzanja la achemwali ndi manja ake onse awiri, nalankhula mawu ambirimbiri okoma.

"Akuti zikomo kwambiri, koma azichita okha," ndinatero.

"Iyayi, simunawauze bwino inu. Muwauze kuti sindikupempha. Ndikufuna ganyu."

"Ndawauza, achemwali."

"Nanga akuti chiyani?"

"Akuti inu ndi iwo ndinu ofanana. Sangalole kuti muziwachapira ngati kapolo wawo."

Achemwali anayang'ana nsapato za mlendo, nayang'ana mapazi awo ong'aluka. "Ofanana," anatero. "Chabwino." Anatola tsache lawo n'kubwerera kunyumba, chitenje cha ku ukwati chija n'kukachipinda.

Masana ake mlendo anandifotokozera. Agogo ake anakhalako kuno ku Africa nthawi ya atsamunda, ndipo kwawo kuli chithunzi chawo atakhala pa mipando, kumbuyo kutaima anthu akuda ovala zoyera, mmodzi atanyamula thireyi ya tiyi. Chithunzi chimenecho chinkamuchititsa manyazi kuyambira ali mwana, ndipo analumbira kuti iye sadzatumikiridwa ndi munthu. Kuwonjezera apo, bungwe lake linamuletsa kugawa ndalama kapena katundu, kuopa kuti anthu angazolowere kulandira. Ndinamuuza kuti ganyu si mphatso, komanso si ukapolo. Ndinamuuza kuti anthu a pa chithunzicho mwina anaphunzitsa ana awo ndi thireyi yomweyo. Anandimvetsera bwinobwino. Anali ndi luso lomvetsera limene sindinalionepo pa munthu wina: amakuyang'ana m'maso, kugwedeza mutu, kukufunsanso mafunso, akatero n'kukachita zomwe anaganiza kale.

Choncho anayamba kudzitungira madzi. Masiku oyamba unali msangalutso wa mudzi wonse. Ankanyamuka pa mjigo ndowa ili yodzaza, n'kufika pakhomo theka lili pa malaya. Azimayi akamupatsa mpata kuti atunge msanga, ankakana, n'kukaima kumapeto kwa mzere padzuwa mpaka khungu kufiira. Ankachapa yekha pa mwala, ankapita yekha kukatola nkhuni, tinkhuni take tonga tosonkhera mbaula. Achemwali ankamuona akudutsa pakhomo pawo m'mawa uliwonse, madzi akutayikira m'njira, ndipo ankamupatsa moni monga mwa nthawi zonse.

Pasanapite nthawi anamupatsa dzina. Ife a ku Nkaya njanji timaidziwa, sitima za malasha zimatidutsa usana ndi usiku, ndiye munthu wouma manja sitivutika kumutchula: chitsulo cha njanji. Dzinalo linafika m'makutu mwake, nandifunsa tanthauzo lake. Ndinamuuza mosazungulira. Zinamupweteka kwambiri. Anandilozera m'nyumba mwake, mphasa, miphika iwiri, kandulo, nati kodi anthu sakuona kuti alibe kanthu? Anthu ankaona bwino lomwe. Ankaona kuti mwezi ukatha amapalasa njinga kupita ku Balaka n'kubwerako nkhope ikuwala, atadya nyama. Ankadziwa kuti akangotentha thupi galimoto yoyera ibwera kudzamutenga. Umphawi wake unali ndi tsiku lothera, lolembedwa kale pa tikiti ya ndege.

Koma ndinene chilungamo, mtsikanayo sanali munthu woipa, ndipo sanabwere kudzasewera. Chichewa anachigwira msanga kuposa azungu a mishoni amene akhala kuno mpaka imvi. Moni wa Chiyao ankaupereka kwa nkhalamba mpaka nkhalambazo kuseka mano onse kunja. Pa maliro ankakhala pansi ndi azimayi, miyendo ili tambalale, osayang'ana wotchi. Mwezi wa Ramadani anayesa kusala nafe, ngakhale sanafike nawo patali. Ndipo zimene anabweretsa zinali zenizeni. Anatiphunzitsa kukumba mayenje m'malo mwa mizere, kuthiramo manyowa opanga tokha, ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowatentha, kuti kamvula kathu kochepako kazikhalitsa m'nthaka. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kake kanali kakuthwadi. Mpaka lero ine ndimalima m'mayenje, ndipo ng'amba ikabwera chimanga changa chimafota pomalizira.

Achemwali anali m'gulu la oyamba kutsatira. Analibe mangawa ndi mlendo, kapena ngati anali nawo anawasunga mumtima. Mwezi wa Okutobala wonse, dzuwa likuswa mtengo, anakumba mayenje munda wonse okha, nasenza manyowa pamutu kuchokera ku khola la mbuzi za amayi. Mlendo ankawatchula pa maphunziro ngati chitsanzo, ndipo anawajambula ataima pakati pa mayenje awo, khasu lili paphewa. Mvula itagwa chimanga chinamera chobiriwira mochititsa kaso. Anthu odutsa popita kumtsinje ankaima n'kumaloza.

Chaka chitangotembenuka, ufa unatha m'nyumba mwa achemwali. Ine ndinkawapatsako, koma kwanganso kunali pakamwa pambiri, kuphatikizapo amayi, ndipo amuna anga ankapalasa kabaza ku Balaka nthawi imene aliyense amayenda pansi posowa ndalama. Achemwali anayamba kulawirira ku ganyu, ku minda ya anthu opeza bwino kufupi ndi siteshoni. Ankachoka kusanache, n'kubwera madzulo ndi kambale ka ufa kapena madeya, kokwana tsiku limenelo basi. Mawa lake chimodzimodzi. M'munda mwawo udzu unayamba kutuluka pakati pa mapesi aja, poti manyowa sasankha chomera. Loweruka ndinkapita kukazulako, koma dzanja limodzi pa munda ngati umenewo n'kungodzinamiza.

Pa maphunziro a mlendo achemwali anasiya kuoneka. Tsiku lina anandifunsa.

"Achemwali anu akwiya nane?" Nthawi imeneyi n'kuti akulankhula Chichewa chothyokathyoka, koma chomveka.

"Iyayi. Ali ku ganyu."

"Koma munda wawo ukufuna kupalira sabata ino. Akachedwa ataya zonse."

"Akudziwa."

"Nanga bwanji akupalira minda ya anthu ena?"

Apa mtima unandiwawa, ndipo ndinalankhula mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Ndinati chifukwa ana sadya chimanga cha mwezi wa Epulo mu Januwale. Ndinati pakhomo pathu pali munthu mmodzi yekha amene akanatha kuwapatsa ganyu yoti n'kutsala ndi nthawi ya munda wawo, koma munthuyo ali kalikiliki kutaya madzi m'njira kuti afanane nafe. Mlendo anati nkhaniyi aitengera ku ofesi, akafunse ngati malamulo angalole. Anaimbadi foni ine ndili pomwepo. A ku ofesi anati ndi funso labwino kwambiri, ndipo adzalikambirana pa msonkhano wawo wa kumapeto kwa mwezi.

Ku Nkaya kunali bambo wina wa golosale, amenenso ankagula nandolo ndi thonje. Sindinganene kuti anali wakuba. Anali munthu wopemphera, waulemu, wosakweza mawu, koma khomo la njala ankalinunkhiza ali kutali. Nyengo ngati imeneyi ankayendayenda m'midzi pa njinga yamoto, kupereka moni. Kachitidwe kake kankadziwika. Amakupatsa chimanga chodya lero, iwe n'kumusiyira munda ndi mbewu zili momwemo, aziulima mpaka udzabweze chimanga chake. Koma udzabweza bwanji ulibe polima? Njinga yake ndinaiona itaima pakhomo pa achemwali, kenako ndinaionanso. Nditawafunsa anati bamboyo amangodutsa. Mwana wawo wamng'ono n'kuti tsitsi litayamba kufiira, ndipo ankangokhala pakhonde osasewera. Sindinafunsenso.

Msonkhano wa ku ofesi usanachitike, mlendo anadutsa ku munda wa achemwali pochokera kumtsinje. Anabwera kwa ine akupuma mothamanga. Anati chimanga chija chasanduka chachikasu, udzu wafika m'mawondo, ndipo sangathe kungoyang'ana. Ndalama sangapereke, koma manja ali nawo, ndipo palibe lamulo loletsa kuthandiza mnzako kupalira. Anaoneka wopepukidwa, ngati munthu amene wapeza njira yotulukira m'nyumba yoyaka. Anandipempha kuti tipite limodzi m'mawa, tisawauze achemwali, akangopeza ntchito yagwirika. Ndinavomera. Munda unali wa m'bale wanga, ndipo thandizo ndi thandizo.

Tinayamba mame asanakamuke. Ndiyenera kumuyamikira, tsiku limenelo anagwira ntchito ngati mkazi wa kwathu. Anazula udzu ndi manja m'mbali mwa mayenje, kwinako n'kumapala ndi khasu, osaweramuka. Dzuwa litakwera matuza a m'manja mwake anaphulika, anang'amba kansalu n'kumanga, n'kupitiriza. Anthu opita kumtsinje ankaima kuonerera mzungu akupalira, ena n'kumaseka, ena n'kumapukusa mitu. Mayi wina wachikulire anatsegula pakamwa ngati akufuna kutiuza kanthu, koma anangopereka moni n'kumapita. Pofika masana tinali titayeretsa chigawo chachikulu cha kumtunda, ndipo chimanga chinayamba kuoneka ngati cha munthu.

Ndipamene ndinawaona achemwali akubwera m'kanjira ka m'mphepete mwa munda. Sankachokera ku siteshoni. Ankachokera njira ya kuchigayo, atasenza thumba la ufa lodzaza, tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Ufa wochuluka choncho sunachokere ku ganyu ya tsiku limodzi. Ndinaimika khasu.

Achemwali anaima, natula thumba lija pa chulu mosafulumira. Anayang'ana chigawo chimene tinapalira, nayang'ana manja a mlendo omangidwa nsalu. Mlendo anaweramuka akumwetulira, thukuta lili kamukamu.

"Mwaswera bwanji, achemwali?" anatero m'Chichewa chake chija.

"Ndaswera bwino, kaya inu." Kenako anatembenukira kwa ine, monga ankachitira nthawi zonse pa nkhani zolemera. "Muwauze asiye. Chimangachi n'cha eni ake."

"Eni ake ndani?" anafunsa mlendo, osadikira kuti ndimasulire.

"Abwana a golosale aja. Tinamvana dzana, pamaso pa mboni."

"Munda wonse, achemwali?" ndinafunsa ine.

"Nanga akanatenga theka?"

Ndinakhala pansi pa mapesi pomwepo. Munda umenewo amayi anaulandira kwa amayi awo. Bambo wa golosaleyo akuulima mpaka lero, ndipo mayenje aja sanawakwirire, anaona kuti ndi abwino. Amakolola ngolo zingapo chaka chilichonse, ndipo alangizi akabwera ndi alendo amawatengera kumeneko kukawaonetsa ulimi wamakono.

Mlendo anayamba kulankhula mofulumira, Chichewa ndi Chingerezi kusakaniza. Anati apita yekha kwa bamboyo. Anati za ku ofesi zilibenso ntchito, achemwali abwere mawa lomwe kudzatunga madzi, kuchapa, chilichonse, adzawalipira za m'thumba mwake, ndipo ayambira mwezi umene anafika. Ndinamasulira zonse, ngakhale achemwali anali atamva kale ndi maso.

"Muwathokoze," anatero achemwali. "Koma chimanga chawo ndagayitsa kale, ndipo mawu ndinapereka. Za madzizo tidzaona. Mawa sindipezeka, abwana aja andilemba ganyu yopalira."

"Kuti?" ndinafunsa.

"Muno."

Anawerama n'kusenzanso thumba lawo, ine n'kuwathandiza kulikweza. Ataliika bwino pamutu anayang'ananso chigawo choyera chija, kuyambira pamene tinayambira mpaka pamene panagona khasu la mlendo, ngati munthu amene akuyeza ndi maso. Sanakweze mawu, ndipo nkhope yawo sinasinthe.

"Amalipira pa ndime," anatero. "Zimene mwapalirazi ndiye zandipita. Koma izi musawauze, angalire."

Sindinamasulire. Panalibenso chifukwa, Chichewa anali atachidziwa.